Lamba wakuda uja anachokera kuti? Mmene judo inalowerera m'masewera omenyana a dziko lonse

Ife amene tinakulira pamabenchi a m'nyumba zoonetsera mavidiyo, munthu aliyense wovala zoyera atamanga lamba m'chiuno timangoti ndi wakarate. Zikamveka kuti uje ali ndi lamba wakuda, anyamata ankamupatukira njira. Komatu lambayo sanayambire ku karate, ngakhalenso chovala choyeracho. Karate inachita kubwereka kwa judo, monganso anachitira a aikido ku Japan komweko, a taekwondo ku Korea ndi a jiu-jitsu ku Brazil. Ndipo lamba ndi kanthu kakang'ono pa zimene judo inagawira anzake. Chachikulu sichioneka ndi maso, chifukwa ndi kaphunziridwe: njira yoti anthu awiri alimbane ndi mphamvu zawo zonse lero, mawa n'kudzukanso ali bwinobwino kukalimbananso.

Mwini nkhaniyi ndi Jigoro Kano. Anabadwa mu 1860 ku Mikage, pafupi ndi mzinda wa Kobe, m'banja lopeza bwino lofulula mowa wa mpunga. M'kalasi anali wanzeru, koma thupi linali lonyozeka, ndipo atapita kusukulu ku Tokyo anzake ankamuvutitsa. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Iye anaganiza zophunzira jujutsu, luso lakale la ankhondo a samurai lomenyana popanda chida. Tsoka lake anafuna lusoli pa nthawi imene eni ake ankalitaya. Ulamuliro wa a samurai unagwa mu 1868, ndipo mu 1876 boma linawaletsa kuyenda ndi malupanga. Japan inali kalikiliki kuthamangira njanji, mafakitale ndi masuti a ku Ulaya, moti jujutsu inkaoneka ngati zachikale za anthu ovuta. Aphunzitsi ena anasiya n'kumakapeza chakudya polumikiza mafupa a anthu othyoka. Mmodzi wa iwo, Fukuda Hachinosuke, ndi amene anamulandira Kano mu 1877. Fukuda atamwalira, Kano anapitiriza kwa aphunzitsi ena awiri, ndipo mu 1882, asanakwanitse zaka 22, anatsegula sukulu yakeyake m'chipinda cha kachisi wa Eishoji ku Tokyo. Munali mphasa 12 ndi ophunzira 9. Sukuluyo anaitcha Kodokan, ndipo zimene ankaphunzitsa anazitcha judo. Mawu akuti ju amanena za kufewa kapena kulolera, pamene do ndi njira.

Chimene Kano anachita n'chodabwitsa tikachiganizira, chifukwa anapambana pochotsa zinthu. Masukulu akale a jujutsu anali ndi njira zoopsa: kutosa m'maso, kumenya pakhosi, kupotokola zala, kugwetsa munthu chamutu. Vuto la njira zoterezi ndi lakuti sungaziyesere pa mnzako ndi mtima wonse. Mnzako amaima chilili, iwe n'kuyerekeza ngati ukumutosa, iye n'kuyerekeza ngati wagwa. Zaka zimatha munthu akudziwa zoopsa zambirimbiri zimene sanazichitepo pa munthu wokana. Kano anapatula njira zoopsazo n'kuziika m'gulu la kata, zochita mogwirizana ndi mwandondomeko. Zotsalazo, kugwetsa, kupanikiza pansi, kufinya khosi ndi kupinda mfundo, anaziika m'masewera omasuka otchedwa randori, mmene aliyense amayesetsa kugwetsa mnzake pamene mnzakeyo akukana ndi mphamvu zake zonse. Randori inalipo kale m'masukulu ena, koma Kano ndiye anaiika pakati penipeni pa maphunziro. Munthu amene tsiku ndi tsiku amagwetsa anthu okana amakhala woopsa kuposa wodziwa njira zakupha zimene amangoziyerekeza. M'zaka za m'ma 1880 ophunzira a Kodokan anaonetsa zimenezi m'mipikisano imene apolisi a ku Tokyo ankakonza, ndipo apolisiwo anayamba kulemba ntchito aphunzitsi a judo.

Kuti randori itheke pamafunika zinthu ziwiri. Choyamba ndi kudziwa kugwa, kumene amati ukemi. Wophunzira watsopano amatha masabata akungodzigwetsa: chagada, cham'mbali, chogubuduzika, chibwano atachitsamiritsa pachifuwa kuti mutu usagunde pansi, mkono ukumenya mphasa kuti mphamvu ya kugwa imwazikane. Chachiwiri ndi kuvomera kugonja. Mkono ukapindidwa kapena khosi likafinyidwa, munthu amagunda kawiri pamphasa kapena pathupi la mnzake, ndipo mnzakeyo amasiya pompo. Palibe manyazi, amadzuka n'kuyambanso. Kagundidwe kameneka lero mudzakaona m'mipikisano yonse yolimbana pansi, ngakhale m'zikhola za UFC, mipikisano ya ndewu zosakaniza maluso osiyanasiyana, momwe magazi amachita kuyenderera.

Pa kagwetsedwe, Kano ankaphunzitsa kuti munthu sagwetsedwa ndi mphamvu ayi, amayamba wasokonezedwa kaimidwe. Amati kuzushi. Taganizirani munthu amene akutsika m'minibasi, phazi limodzi lili m'malere, thupi lonse latsamira kale pa phazi limene silinaponde. Kamwana kakhoza kumugwetsa pongosesa phazilo. Wa judo amakoka kapena kukankha kuti aike mnzake pa mphindi yoteroyo, kenako amalowa pansi pake n'kumuponya. Akakukankha umakoka, akakukoka umakankha. Mfundoyi Kano anaikulitsa kukhala chiphunzitso cha moyo wonse, seiryoku zen'yo, kugwiritsa ntchito mphamvu mosawononga. Inzake ndi jita kyoei, kupindula pamodzi iwe ndi mnzako. Yachiwiriyi imamveka ngati ulaliki, koma pamphasa ndi nkhani yachidziwikire: ukathyola amene umayeserera naye, mawa uyeserera ndi ndani?

Tsopano lamba uja. Kano anali mphunzitsi wasukulu weniweni, amene kwa zaka zoposa 20 anatsogolera koleji yophunzitsa aphunzitsi ku Tokyo, ndipo ankadziwa kuti wophunzira amalimbikira akamaona masitepe. Kale mphunzitsi wa jujutsu ankapereka chikalata cha pamanja patapita zaka zambiri. Kano anatenga dongosolo la madani, kapena kuti masitepe a luso, limene linkagwira kale ntchito m'masewera a pathabwa otchedwa go, ndipo mu 1883 anapereka dani yoyamba kwa Tomita Tsunejiro ndi Saigo Shiro. Lamba wakuda anabwera patapita zaka zochepa kuti ofika pamenepo azidziwika. Ku Japan lamba wakuda woyamba satanthauza kuti munthu ndi katakwe, amangosonyeza kuti wadziwa zoyambira ndipo tsopano angayambe kuphunzira zenizeni. Mantha amene timamuopa nawo ife anabwera ndi mafilimu.

Mu 1922 Funakoshi Gichin anachoka ku Okinawa kudzaonetsa karate ku Tokyo, ndipo Kano anamuitanira ku Kodokan. Nthawi imeneyo karate inalibe yunifolomu kapena magiredi. Funakoshi anatengera chovala cha judo, ndipo mu 1924 anapereka madani ake oyamba. Kuchokera ku karate, dongosololi linalowa mu taekwondo. Malamba amitundumitundu, achikasu, obiriwira, abuluu ndi ena, anafala kuchokera ku Ulaya. Kawaishi Mikinosuke, amene anakhazikika ku Paris m'zaka za m'ma 1930, anaona kuti Azungu amagwa ulesi akakhala zaka ndi lamba woyera yekhayekha, choncho anafalitsa mitunduyo. N'chifukwa chake mwana wa taekwondo ku Seoul ndi wa karate ku Lusaka onse amawerenga ulendo wawo ndi mtundu wa lamba.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi

Kano anatumiza ophunzira ake kunja mwadala. Yamashita Yoshitsugu anaphunzitsa Pulezidenti Theodore Roosevelt ku White House mu 1904. Ku London, Koizumi Gunji anatsegula kalabu ya Budokwai mu 1918, ndipo ilipo mpaka lero. Koma nthambi ziwiri zimene zinasintha kwambiri mbiri ya kumenyana zinamera kumene Kano sankayembekezera.

Yoyamba ndi ya Maeda Mitsuyo. Anachoka ku Japan mu 1904 kuperekeza Tomita ku America, koma posakhalitsa anayamba kumenya ndewu zandalama m'maholo ndi m'masakasi, kulimbana ndi ankhonya ndi ogwetsana a mitundu yonse ku Ulaya, Cuba ndi Mexico, pogwiritsa ntchito dzina lakuti Conde Koma. Kumenyera ndalama sikunali kogwirizana ndi mzimu wa Kodokan, komabe n'kumene kunamuphunzitsa zimene zimagwira ntchito pa munthu woponya zibakera: kumuyandikira, kumugwetsa, kumumalizira pansi. Mu 1914 anafika ku Brazil n'kukhazikika ku Belém. Kumeneko mnyamata wina, Carlos Gracie, anaphunzira kwa Maeda ndi ophunzira ake, kenako anagawira abale ake, kuphatikizapo Hélio. Masiku amenewo kunja kwa Japan anthu sankasiyanitsa mayina a judo ndi jiu-jitsu, ndiye dzina lachiwirili ndi limene linakanirira. Pamene judo ya ku Japan inkakonda kugwetsa munthu ali chiimire, mpaka kuika malamulo ochepetsa kukokerana pansi, a Gracie anakulitsa mbali ya pansiyo mpaka inakhala luso palokha.

Mu 1951 kholo ndi mwana, judo ndi jiu-jitsu ya ku Brazil, anakumana pabwalo la Maracanã ku Rio de Janeiro. Kimura Masahiko, ngwazi ya judo ya nthawi imeneyo, anamuponya Hélio Gracie kangapo, kenako anamupinda mkono ndi njira yotchedwa ude-garami. Hélio anakana kugunda mphasa, mkono unathyoka, ndipo m'bale wake anaponya thaulo. A ku Brazil, m'malo mosunga chakukhosi, njirayo anaitcha kimura, ndipo ndi dzina limene dziko lonse likuidziwira lero. Patapita zaka 42, mu November 1993 ku Denver, mwana wa Hélio, Royce, munthu wochepa thupi poyerekeza ndi anzake, anapambana ndewu zitatu usiku umodzi pa mpikisano woyamba wa UFC, onse akugonja pansi. Ankhonya ndi akarate anadzidzimuka kuona kuti zibakera ndi mateche zimatha ntchito munthu akakugoneka chagada. Masewera a MMA, ndewu zosakaniza maluso zija, amene achinyamata akuonera pa mafoni lero anayambira pa kudzidzimuka kumeneko.

Nthambi yachiwiri ili ndi mapeto omvetsa chisoni. Vasili Oshchepkov, mwana wamasiye wa pachilumba cha Sakhalin, anakaphunzira kuseminale ya mpingo wa Orthodox ku Tokyo, n'kulowa Kodokan, ndipo mu 1913 analandira lamba wakuda. Atabwerera kwawo anaphunzitsa ku Vladivostok, kenako ku Moscow, kwa asilikali ndi kwa ophunzira zamasewera. Anasintha zambiri: anthu ake ankavala jekete, kabudula ndi nsapato zofewa, ndipo anasunga njira zopinda miyendo zimene judo ya mipikisano inaletsa. Mu 1937, m'nthawi ya Stalin yosaka adani, anamangidwa pomunamizira kuti ndi kazitape wa Japan ndipo anafera m'ndende ya Butyrka chaka chomwecho. Chaka chotsatira boma linavomereza masewera amene pambuyo pake anatchedwa sambo, ophatikiza ntchito ya Oshchepkov, ya Viktor Spiridonov ndi kagwetsanidwe ka mitundu ya anthu a mu Soviet Union. Kwa zaka zambiri dzina la Oshchepkov ndi mizu ya ku Japan sizinkatchulidwa. Fedor Emelianenko ndi Khabib Nurmagomedov, amene anagwedeza MMA, anakulira m'sambo ndi judo.

Pamene eni ake anayamba kugwa

Kano anali munthu woyamba wa ku Asia kulowa m'komiti ya Olimpiki, mu 1909, ndipo anamenyera nkhondo kuti masewerawo achitikire ku Tokyo. Chodabwitsa n'chakuti sankakakamira kuti judo ilowemo, poti kwa iye sinali masewera chabe. Anamwalira mu 1938 m'sitima yapamadzi ya Hikawa Maru akuchokera kumsonkhano wa komitiyo ku Cairo. Nkhondo yachiwiri itatha, asilikali a America amene ankalamulira Japan analetsa masewera omenyana m'masukulu poona kuti anagwiritsidwa ntchito pokonzekeretsa anyamata kunkhondo. Judo inabwerera m'masukulu mu 1950 itavala nkhope ya masewera. Bungwe la judo la dziko lonse linakhazikitsidwa mu 1951, ndipo mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitika ku Tokyo mu 1956.

Ndiye kunabwera 1964. Judo inalowa m'Olimpiki koyamba, ku Tokyo komweko, m'holo ya Nippon Budokan imene anamangira mwambowu. Magulu analipo anayi. Japan inatenga golide m'magulu atatu a masikelo, koma limene aliyense ankaliyang'ana linali lopanda malire a kulemera, chifukwa ndi limene linkayenera kutsimikizira kuti luso limaposa thupi. Anton Geesink wa ku Netherlands, chimphona cha pafupifupi mamita awiri, anapanikiza Kaminaga Akio pansi mpaka nthawi inakwana. Holo inangoti zii. Anthu a kwawo atafuna kuthamangira pamphasa kukasangalala, Geesink anatukula dzanja kuwaletsa, kuti ayambe waweramirana ndi mnzake monga mwa mwambo. Anthu a ku Japan sanaiwale dzanja limenelo. Kwa ine, tsiku limeneli ndi limene judo inakhaladi ya dziko lonse. Japan ikanatenga mamendulo onse anayi, mayiko ena akanaiona ngati gule wa eni ake, wongoonerera.

Kuyambira pamenepo mtundu uliwonse unabwera ndi zakwawo. A Soviet Union, amene anatenga mamendulo anayi a buronzi mu 1964, anabweretsa kagwiridwe ka sambo ndi ukatswiri wopinda chigongono. A ku Georgia anabwera ndi chidaoba, kugwira lamba kudzera pamsana n'kunyamula munthu. A ku Mongolia anabwera ndi bökh, ndipo golide woyamba wa dziko lawo m'Olimpiki anachokera ku judo mu 2008, pamene Naidan Tüvshinbayar anagwetsa ngwazi ya ku Japan, Suzuki Keiji, pomugwira miyendo, n'kupitirira mpaka kumapeto. Akuluakulu a bungwe la dziko lonse anaona kuti judo yayamba kufanana ndi kugwetsana wamba, anthu atawerama kusakana miyendo. Mu 2010 anachepetsa kugwira miyendo ndi manja, ndipo mu 2013 analetseratu. Mkangano wake sunathe. Ena amati lamuloli linabwezeretsa kukongola kwa kuponya munthu ataima mowongoka, ena amati linadula njira zimene Kano mwini ankaphunzitsa, zonsezo pofuna kusangalatsa oonera pa wailesi yakanema. Onse awiri akunena zoona. Chimodzimodzinso chovala chabuluu: anachiganiza ndi Geesink yemweyo kuti oonera azisiyanitsa osewera, Japan inakana, koma inagonja pa mavoti mu 1997. Pa mpikisano waukulu wa m'dziko mwawo wopanda malire a kulemera, a ku Japan amavalabe zoyera onse awiri.

Amayi anachita kuthyola chitseko. Kodokan inali ndi gawo la amayi kuyambira m'ma 1920, koma mipikisano sankaloledwa, ndipo lamba wawo wakuda ankakhala ndi mzere woyera pakati. Fukuda Keiko, mdzukulu wa mphunzitsi woyamba wa Kano uja, anakhala zaka pafupifupi 20 pa dani yachisanu chifukwa choti anali mkazi. Ku New York, Rusty Kanokogi anameta tsitsi n'kupikisana ngati mwamuna mu 1959, ndipo atadziwika analandidwa mendulo. Mayi yemweyo ndi amene anakonza mpikisano woyamba wa dziko lonse wa amayi mu 1980 ku Madison Square Garden, atachita kupinyolitsa nyumba yake. Judo ya amayi inayamba kupereka mamendulo a Olimpiki mu 1992. Zipatso zake zinafika kutali: Majlinda Kelmendi anapatsa Kosovo golide wake woyamba mu 2016, Rafaela Silva wa m'dera losauka la Cidade de Deus anapambana kwawo ku Rio chaka chomwecho, ndipo Ronda Rousey, amene anatenga buronzi mu 2008, ndi amene anachititsa kuti UFC itsegule khomo kwa amayi, akumaliza ndewu zake ndi juji-gatame, kupinda chigongono kwa judo.

Ku Africa judo inazika mizu kwambiri kumpoto. Nkhani imene imakambidwabe ndi ya Mohamed Ali Rashwan wa ku Egypt, amene mu 1984 ku Los Angeles anakumana mu fainolo ndi Yamashita Yasuhiro, munthu amene anapambana ndewu 203 zotsatizana. Yamashita anali atavulala katumba wa mwendo ndipo ankatsimphina. Rashwan anagonja n'kutenga siliva, koma analandira mphoto ya masewera achilungamo chifukwa sanalimbane ndi bala la mnzake. Kuno kwathu masewerawa ndi aang'ono, komabe Harriet Bonface anaimira Malawi pa Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021, ndipo ana a m'misasa ya othawa kwawo ya Dzaleka kuno ndi Meheba ku Zambia amaphunzira judo mothandizidwa ndi bungwe la dziko lonse lija.

Si zonse zimene zili zokoma. Dzina lakuti njira yofewa labisa nkhanza zambiri, makamaka ku Japan komweko. Kafukufuku wa Uchida Ryo wa ku yunivesite ya Nagoya anapeza kuti ana asukulu oposa 100 anamwalira pa judo pakati pa 1983 ndi 2011, ambiri chifukwa chovulala m'mutu, ndipo ochuluka anali ongoyamba kumene amene anaponyedwa asanadziwe kugwa. Mu 2013 osewera 15 a timu ya amayi ya dzikolo anadandaula kuti mphunzitsi wawo amawamenya ndi kuwanyoza, ndipo mphunzitsiyo anatula pansi udindo. Mu 2022 bungwe la judo la Japan linathetsa mpikisano waukulu wa m'dziko mwawo wa ana a pulayimale payekhapayekha, litaona makolo ndi aphunzitsi akukakamiza ana kuchepetsa thupi ndi kulalatira oweruza. Chiwerengero cha osewera olembetsedwa ku Japan chakhala chikutsika.

France inayenda njira ina. Kuyambira mu 1955 lamulo la dzikolo limafuna kuti wophunzitsa judo akhale ndi satifiketi yovomerezeka ndi boma, ndipo makolo ambiri amatumiza ana awo aang'ono kukalabu kuti akaphunzire ulemu ndi kugwa bwino, osati kukasaka mamendulo. Lero France ili ndi osewera olembetsedwa oposa 500,000, kuchulukitsa kangapo a ku Japan. Mu 2021, m'holo ya Budokan momwe Geesink anapambanira, timu ya France ya amuna ndi akazi inagonjetsa Japan mu fainolo. Mu 2024 ku Paris anakumananso, n'kufanana 3 kwa 3, ndipo maere anagwera gulu la olemera kwambiri. Teddy Riner, wobadwira ku Guadeloupe, analowa pamphasa kukumana ndi Saito Tatsuru, mwana wa ngwazi ya Olimpiki ya 1984 ndi 1988. Anaweramirana, woweruza anati hajime, kutanthauza kuti yambani, ndipo patapita mphindi zoposa zisanu ndi imodzi Riner anakola mwendo wa Saito cham'kati n'kumugwetsa chagada. Woweruza anatukula dzanja m'mwamba, kusonyeza ippon, kupambana kotheratu.